Kodi Kusumira Chipatala N'kusayamika?

Mlongo wanga wamng'ono adachira pa opaleshoni pachipatala china cha boma kwathuko. Mwana adabadwa wamoyo, wamwamuna, ndipo pamudzi padamveka nthungululu. Patatha masabata atatu chilonda chidayamba kutulutsa mafinya, thupi likutentha ngati mbaula. Adabwerera kuchipatala kawiri, ndipo kawiri konseko adangomupatsa panado ndi makapusozi n'kumuuza kuti chilonda cha mpeni chimatero. Ulendo wachitatu tidachita hayala galimoto mpaka kuchipatala chachikulu. Kumeneko adamung'ambanso n'kupezamo thonje lopukutira magazi lomwe lidaiwalika m'mimba tsiku la opaleshoni yoyamba ija. Chiberekero chidali chitaola kale, choncho adachichotsa. Mayi wa zaka 24 ameneyu sadzaberekanso.

Zathonjezi sitidazimve kwa dokotala ayi. Adatinong'oneza ndi namwino wina wachifundo kuseri kwa khitchini ya magadiyani, akucheukacheuka ngati akugulitsa chamba.

Wodwala atatuluka tidakhala pansi pachibale, ndipo ine ndidatchula zokaonana ndi loya. Amalume, omwe ndiwo eni mbumba, adandiyang'ana nthawi yaitali asadayankhe. “Mphwanga, usatichititse manyazi,” adatero. “Anthu aja apulumutsa mwana, apulumutsanso mayi wake. Ife sitidalipire ngakhale tambala. Lero tiwakokere kukhoti? Nanga mawa ukadwala iweyo udzalowera kuti?” Mayi adangoonjeza kuti zonse tizisiye m'manja mwa Mulungu. Mwini chilondayo adali khale pamkeka akuyamwitsa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife adamufunsa maganizo ake.

Amalume si munthu wopepera, ndipo mawu awo ndakhala ndikuwasinkhasinkha. Ndi mawu omwe amanenedwa m'mabanja ambiri m'dziko muno munthu akapunduka kapena kumwalira m'manja mwa achipatala. Muli mfundo zitatu m'menemo: kuyamika, Mulungu ndi mantha. Funso langa n'lakuti, kodi munthu wovulazidwa ndi amene amamuthandiza akafunsa chilungamo, walakwira umunthu?

Tiyambe tavomereza kuti si imfa iliyonse ya m'chipatala yomwe ili mlandu. Opaleshoni ili ndi zoopsa zake ngakhale atapanga katswiri wotani, ndipo dokotala sadalonjeze kuti aliyense wolowa m'fiyeta adzatuluka akuyenda. Malamulo amadziwanso zimenezi. Makhoti athu amatsatira kwambiri mfundo zochokera ku England, ndipo pankhaniyi mlandu wotchuka ndi wa John Bolam wa m'chaka cha 1957. Bamboyu adathyoka mafupa pomwe amalandira chithandizo chamagetsi pachipatala cha odwala maganizo, koma mlandu udamugomera. Mfundo yomwe idatsala ndi yakuti dokotala sapezeka wolakwa ngati wachita zomwe gulu la madokotala anzake odziwa ntchito lingavomereze kuti n'zoyenera. M'chaka cha 1997, pamlandu wa Bolitho, majaji adaonjezapo kuti maganizo a madokotalawo ayenera kukhala omveka ndithu, osati kungoikirana kumbuyo. Ndiye kuti wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti achipatala adali ndi udindo womusamala, kuti adalephera kufika pamuyezo wa ntchito yawo, komanso kuti kulepherako ndiko kudamuvulaza.

Tsono thonje loiwalika m'mimba lili mbali iti? Pantchito ya opaleshoni pali lamulo lakalekale lakuti thonje, masingano ndi zitsulo ziwerengedwe asadang'ambe, ziwerengedwenso asadasoke. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaikanso zimenezi pamndandanda wake wa m'chaka cha 2008 wa zoyenera kuonetsetsa pa opaleshoni. Kuwerenga thonje sikulira makina ochokera kunja, kumangofuna munthu wakhala maso. Maloya ali ndi mfundo yakuti zinthu zina zimadzichitira umboni zokha. M'chaka cha 1951, pamlandu wa Cassidy ku England konko, munthu adalowa m'chipatala kuti amuongole zala ziwiri zopindika koma adatuluka zala zinayi zitauma. Khoti lidati chipatala ndicho chifotokoze kuti zidatheka bwanji popanda kusasamala, ndipo lidatinso chipatala chimasenza zolakwa za antchito ake. Zoterezi sizitchedwa ngozi, dzina lake ndi kunyalanyaza.

Ena amati, “Paja mudasaina fomu.” Eya, alamu adasainadi. Koma adasainira kuti mkazi wawo ang'ambidwe, mwana atuluke. Sadasainire kuti amusokere thonje m'mimba.

Tsopano zakuyamika zija. Mawu akuti chipatala chaulere atisokoneza mitu. Chipatala cha boma sichaulere, abale. Timalipira tikagula mayunitsi a foni, tikagula malata, komanso pamalipiro a aliyense wolembedwa ntchito. Ngakhale thandizo la maiko akunja limabwera m'dzina la ife odwala. Mayi wopita kukachira sakupempha chifundo pakhomo pa mwini chuma, akulandira chomwe boma lidalonjeza nzika zake. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo gawo 41 limapatsa aliyense ufulu wopita kukhoti ndi kulandira yankho logwira mtima ufulu wake ukaphwanyidwa. Tidakhala zaka 30 tikuphunzitsidwa kuti chilichonse cha boma ndi mphatso yoti tiivinire, ndipo mantha amenewo sadatichoke m'mafupa. Munthu angathe kuthokoza chifukwa cha mwana wamoyo, n'kufunsanso za chiberekero chomwe chidatayika. Ziwirizi sizilimbana.

Nanga za Mulungu? Ine sindine mbusa, koma ndidakulira m'mudzi. Ng'ombe zako zikalowa m'dimba la mnzako, mfumu sifunsa ngati udazituma. Imafunsa kuti khola lidali lotseka kodi, nanga woweta adali kuti? Ukapezeka kuti udalekerera, umavomera pabwalo, umapepesa, umapereka nkhuku kapena mbuzi, ndipo mawa lake mumamwera limodzi thobwa. Palibe amene amati mwini dimba alibe umunthu chifukwa wakadandaula kwa mfumu. Makolo athu adadziwa kuti chipepeso sichibweza chimanga chodyedwa, koma chimabweza ubale. Adadziwanso kuti kukhululuka kumabwera wolakwa atavomera. Mlongo wanga akhululukire ndani, poti palibe amene wabwera kudzanena kuti ndalakwa? Chomwe timachitcha kukhululuka nthawi zambiri chimakhala kukhala chete kwa munthu wopanda mphamvu. Ndipo kukankhira kwa Mulungu thonje lomwe munthu sadawerenge, ine ndimaona ngati kumunamizira Mulunguyo.

Mfundo yachitatu ya amalume ndiyo yolemera, ndipo sindingaipeputse. M'maboma ambiri chipatala chopanga opaleshoni n'chimodzi. Ukadandaula lero, mawa ubwerera pakhomo lomwelo ndi mwana wodwala malungo. Mantha amenewa ndi enieni. Koma tionenso mtengo wa kukhala chete. M'chaka cha 2019 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Mayi Martha Chizuma, idatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb, itafufuza za amayi omwe amachotsedwa ziberekero m'zipatala za boma. Idapeza kuti kunyalanyaza kwa ena ogwira ntchito pamodzi ndi kuchepa kwa zipangizo ndi antchito zidachititsa amayi ambiri kutenga matenda pochira mpaka kutaya ziberekero. Ndiye kuti mlongo wanga sadali woyamba. Amayi omwe adavulala iye asadafike adauzidwanso ndi amalume awo kuti akhale chete, ndipo chete wawoyo ndiye adamuyalira bedi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Njira zodandaulira zilipo, ndipo si zonse zodzera kukhoti. Kuyambira m'chaka cha 2018 zipatala za boma zidayamba kukhala ndi munthu wolandira madandaulo a odwala, yemwe amamutcha ombudsman wa pachipatala. Pali bungwe la Medical Council of Malawi, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, lomwe limalembetsa ndi kulanga madokotala ndi makiliniko ofesala, mpaka kuwalanda chilolezo chogwirira ntchito. Anamwino ndi azamba ali ndi lawo la Nurses and Midwives Council. Mabungwe awiriwa ntchito yawo ndi mwambo wa pantchito, choncho wofuna chipukutamisozi njira yake yeniyeni ndi khoti. Ngati chipatala n'cha boma, wosumiridwa amakhala Attorney General, yemwe ndi mkulu wa maloya a boma, ndipo lamulo limafuna kuti boma lidziwitsidwe m'kalata miyezi itatu mlandu usadalowe. Ngati n'cha mishoni kapena cholipira, osumiridwa ndi eni ake. Wodwala akamwalira, omwe amadalira iye angathenso kusuma. Wopanda ndalama ya loya angathe kukagogoda ku Legal Aid Bureau.

Chenjezo ndi ili: kumudzi timati mlandu suola, koma kukhoti umaola. Mlandu wa kuvulala kwa thupi uyenera kuyambika pasadathe zaka zitatu. Banja likamati tidikire mitima ikhale pansi, masiku akuwerengedwa. Umboninso umasowa msanga. Kabuku kakuchipatala kasungidwe ngati chiphaso cha malo, masiku ndi zomwe zidachitika zilembedwe zikadali m'mutu, ndipo kalata yopempha zomwe zili m'fayilo ipite msanga. Sindikunamizani kuti njirayi ndi yosalala. Milandu imatenga zaka, kupeza dokotala wololera kuchitira umboni wotsutsa mnzake n'kovuta m'dziko la madokotala ochepa odziwana okhaokha, ndipo ngakhale wapambana, boma limachedwa kulipira.

Pali funso lina lomwe amalume sadafunse koma limandisowetsa tulo ine. Ndalama yachipukutamisozi imachoka m'thumba lomwelo logulira mankhwala. Ku South Africa milandu yotere yachuluka mwakuti ikudya ndalama zomwe zikadathandiza odwala ena. Ndimaganizanso za kiliniko ofesala uja. M'zipatala za m'maboma opaleshoni zambiri za amayi amapanga ndi anthu amenewa, mwina usiku umodzi katatu kapena kanayi, magetsi akuzimazima, namwino mmodzi akuthamangira mbali zonse. Kodi n'chilungamo kumupachika yekha? Yankho langa n'lakuti ayi, ndipo n'chifukwa chake mlandu umapita kwa womulemba ntchito. Amene adasiya fiyeta yopanda anthu okwanira ndiye ayenera kumva kuwawa m'thumba. Tikakhala chete sikuti mtengowo wafafanizika ayi. Wangosenzedwa ndi mayi mmodzi wosauka, pathupi pake ndi pabanja pake, m'malo moti tisenze tonse.

Maiko ena adayesa njira zina. Ku New Zealand, kuyambira m'chaka cha 1974, wovulala amalandira thandizo kuchokera kuthumba la dziko popanda kukokerana kukhoti. Ku England, kuyambira 2014, lamulo limakakamiza zipatala kuuza wodwala zoona zake pakalakwika chinthu chachikulu, ndi kupepesa. Yachiwiriyi siifuna chuma chambiri. Imangofuna kuti mkulu wa chipatala akhale pansi ndi wovulalayo n'kunena kuti tidalakwitsa apa, ndipo takonza mwakuti. Ndikukhulupirira kuti anthu ambiri omwe amathamangira kwa loya amakhala atatopa ndi kubisiridwa. Chipatala chobisa chimadziitanira milandu chokha, komanso sichiphunzira, pakuti cholakwa chomwe sichidalembedwe chimabweranso.

Patapita miyezi ingapo ndidachita chomwe tidayenera kuchita tsiku loyamba lija. Ndidamufunsa mwini wake. Panthawiyi n'kuti achibale a kuchimuna atayamba kale manong'onong'o akuti mkazi wa mwana mmodzi ndi wachiyani. Iye adati, “Achimwene, ndalama sindikuzikana, mwanayu afunika sukulu. Koma chomwe ndikufuna ine n'chakuti munthu wovala choyera andiuze pamaso, alembenso m'kabuku kanga, kuti vuto silidali la thupi langa. Ndikawaonetse apongozi.”

Kalata tidalemba, yopita kwa mkulu wa chipatala ndi ku Medical Council, ndipo adasaina yekha. Amalume mpaka lero sagwirizana nazo. Akuti mphuno salota, tsiku lina tidzawafuna anthu omwewo. Mwina akunena zoona. Komabe m'mawa womwe timakapereka kalatayo adabwera kusiteji, natulutsa ndalama ya basi m'thumba la jekete n'kumupatsa mlongo wanga, osanena kanthu. Yankho tikudikirabe, ndipo zaka zitatu zija tikuziwerenga.