Kodi Pemphero Lingalowe M'malo mwa Matcheni a Matayala?

Mu Febuluwale 2018 chipale chofewa chinagwa mosaona nkhope m'chigawo cha Fukui ku Japan. Pa msewu waukulu wotchedwa Route 8 magalimoto pafupifupi 1,500 anaima pamzere umodzi, ena kwa masiku oposa awiri, mpaka asilikali anabwera ndi mafosholo kudzawafukula. Magalimoto akuluakulu ochepa chabe atakanika kuyenda kutsogoloko, onse akumbuyo anatsekeredwa. Chaka chisanathe boma linakhazikitsa lamulo loti m'zigawo 13 za misewu, chipale chikafika poipa, galimoto iliyonse izimanga matcheni ngakhale ili ndi matayala a nyengo yozizira.

Matcheniwa si achilendo. Harry Weed wa ku Canastota, m'boma la New York, analembetsa luso lake mu 1904: unyolo wokulunga tayala kuti zitsulo zake ziziluma pansi. Patapita zaka pafupifupi 100, Bård Løtveit wa ku Norway anatulukira nsalu yovala kutayala ngati sokosi, imene lero imagulitsidwa ndi dzina loti AutoSock. Ulusi wake umamwa timadzi timene timakhala pamwamba pa ayezi, ndipo tayala limapeza pogwira. Nsaluyi ndi yopepuka, sivuta kuveka, koma ikakhula paphula louma imang'ambika msanga. Zonse ziwiri zimafuna kuti dalaivala asapitirire liwiro la makilomita 50 pa ola. Ku France, kuyambira mu 2021, woyenda m'madera ena a kumapiri pakati pa 1 Novembala ndi 31 Malichi ayenera kukhala ndi matayala a nyengo yozizira, apo ayi anyamule matcheni kapena masokosiwa.

Funso lakale la opembedza limatulukira pamenepa. Ngati moyo uli m'manja mwa Mulungu, ndipo tsiku la munthu silizembeka, n'kugwadiranji m'chisanu zala zitauma, n'kumalimbana ndi unyolo? Ku Malawi, kumene basi nthawi zambiri imanyamuka wina atayamba wapempherera ulendo, mawu akuti “Mulungu atsogola” amatuluka ndi mtima wonse, ndipo palibe choipa m'mawuwo. Vuto limabwera pamene mawu omwewo asanduka chifukwa chosiyira chimene dzanja likanachita.

Mabuku opatulika sanalekerere nkhaniyi. Mu Uthenga Wabwino wa Mateyu, Satana anauza Yesu kuti adziponye kuchokera pamwamba pa kachisi poti angelo amuwakha, ndipo Yesu anakana, n'kunena kuti kutero n'kuyesa Mulungu. Nehemiya pomanganso linga la Yerusalemu anapemphera, kenako anaika alonda usana ndi usiku. Asilamu nawo amasimba za munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad ngati amange ngamila yake kapena angodalira Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kumanga kukhale koyamba.

Komabe msewu wa chipale umawonjezera mfundo imene nkhani ya ngamila ilibe. Ngamila ikathawa, wolira ndi mwini wake yekha. Thiraki ikapingasa pachitunda chifukwa dalaivala anachita ulesi kumanga matcheni, amene amagona m'chisanu ndi anthu ena: mayi wa mwana wakhanda m'galimoto yakumbuyo, wodwala amene ambulansi yake yasowa podutsa, ngakhalenso dalaivala mnzake amene anavutika n'kumanga matcheni ake bwinobwino. Munthu angathe kunena kuti moyo wake waupereka kwa Mulungu, koma alibe ufulu wopereka moyo wa mnzake amene sanamufunse n'komwe. Chimene iye akuchitcha chikhulupiriro, kwa amene ali kumbuyo kwake ndi nkhanza basi.

Sikuti unyolo umachotsa pemphero. Ambiri amene anatsekeredwa ku Fukui sanalakwe kanthu, ndipo chitsulo chimaduka, nsalu imatha. Wokonzeka bwino amakhalabe ndi zambiri zimene sangazilamule, ndipo zimenezo ndiye zoyenera kuzitula m'pemphero.

Wina anganene kuti izi n'za kutali. Mu Sepitembala 2024 chipale chinatseka msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass ku South Africa, njira yochokera ku Johannesburg kupita ku doko la Durban imene mathiraki onyamula katundu wa ku Malawi amadutsamo. Anthu anagona m'magalimoto usiku wonse ndipo mayi wina anamwalira ndi kuzizira. Dalaivala amene wamva chenjezo la chipale, alibe matcheni kapena masokosi, koma n'kulowabe m'phiri atangopemphera, walakwira Mulungu amene wamutchulayo ndi anthu onse amene akubwera pambuyo pake.