Musamangitse sipuling'i pamene vuto ndi oyilo

Anyamata inu amene mukudzutsa njinga zamoto zakale, kaya ndi Yamaha AG100 imene alangizi a zaulimi ankayendera, kaya Honda XL185, tcherani khutu. Njinga ikayamba kunjanja pa mabampu, ambiri a inu mumathamangira sipanala n'kumangitsa sipuling'i yakumbuyo mpaka pa dzino lomaliza. Apo ndiye mwasochera. Sipuling'i ntchito yake ndi kusenza kulemera kwanu basi. Chimene chimaletsa njinga kudumphadumpha ndi oyilo wam'kati mwa shock ndi mafoloko, amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono.

Yambani ndi kukhalapo. Njinga itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene shock imatha kuyenda. Zikatero, sipuling'i isiyeni.

Tsono pitani ku mafoloko. Njinga zambiri za m'ma 1970 zilibe timasikuluwu tosinthira ngati zamakono, choncho chida chanu ndi oyilo yemweyo. Khuthulani wakaleyo, nthawi zambiri mudzapeza wakuda bii, wonunkha, wosakanikirana ndi madzi. Thirani wa mafoloko wa 10W, osati wotsala mu injini. Gwirani buleki yakutsogolo, kanikizani mwamphamvu, n'kusiya. Foloko ikabwerera ngati yalasidwa n'kuwerama kawiri katatu, oyilo wapepuka, yesani 15W. Koma musatengeke. Timabowo tija sitikula, ndiye tayala likagunda mwala mwaliwiro oyilo wolemera amakanika kudutsa, ndipo mphamvu yonse imathera m'mikono mwanu. Komanso pa mabampu otsatizana foloko imalephera kubwerera msanga, imangomira pang'onopang'ono mpaka kuuma gwa. Ambiri akamva kuumako amadzudzula sipuling'i yosalakwa.

Mulingo wa oyilo nawo ndi nkhani. Yezani mutachotsa sipuling'i ndi kupanikiza foloko mpaka pansi, ndipo miyendo yonse iwiri ifanane. Mukawonjezera pang'ono, mpweya wotsala pamwamba umachepa, foloko siigundanso pansi m'dzenje. Mukapyola muyezo, ma seal amayamba kudontha, oyiloyo n'kutsikira ku buleki.

Kuona maso a nkhono n'kudekha: sinthani chinthu chimodzi, yendani msewu womwewo, lembani m'kope, kenako musinthe china.

Kumbuyo nkhani ndi ina. Ma shock awiri a njinga zakale ambiri ndi omata, satsegulidwa. Oyilo akatha mphamvu kapena akadontha, gulani ena autali wofanana. Mukamva kuti njinga imayamba bwino koma imayamba kuvina mukayenda nthawi yaitali, ndiye kuti oyilo watentha n'kuchita thovu. Pofuna kuthana ndi vutoli, opanga anayamba kuikamo mpweya wa nitrogen wopanikizidwa. Yamaha inatchuka ndi shock imodzi ya pansi pa thanki pamene Håkan Andersson, atakwera njinga yokhala ndi shock yotere, anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za 250cc mu 1973, ndipo ma DT175 a pambuyo pake anatengera kapangidwe komweko. Shock yamtundu umenewu musaiboole, musaiwotche ndi moto wa owotcherera, musayese kuimasula pansi pa mtengo. Itha kukuphulikirani kumaso. Ipititseni kwa makaniko amene ali ndi zida zotulutsira mpweyawo ndi kuubwezeretsa.