Phunziro 7: Danieli pa Sukulu ya ku Babulo

SABATA MASANA

Sabata ino tiwerenga Danieli chaputala 1 chonse. Vesi loloweza ndi Danieli 1:8.

Chaka ndi chaka mipingo yathu imatsazika ana ake opita ku koleji. Pa Sabata lotsiriza timawaitanira kutsogolo, amayi a Dorika amawamangira kaphukusi ka sopo ndi mtedza, ndipo mkulu wa mpingo amawapempherera kuti asaiwale kumene achokera. Pakapita zaka zinayi ena amabwerako ndi digiri pamodzi ndi chikhulupiriro chokhwima. Ena amabwerako ndi digiri yokha. Dzina lawo likadali m'buku la mpingo, koma pa benchi pamene ankakhala palibe munthu. Sitikonda kufunsa chimene chinachitika pakati apa, ndipo tikafunsa timafulumira kuimba mlandu maphunziro. Baibulo likutionetsa anyamata anayi amene anaphunzira zaka zitatu pa sukulu ya mfumu yosadziwa Yehova, napambana anzawo onse, osataya chikhulupiriro chawo. Tiyeni tione chimene chinawasunga.

TSIKU LOYAMBA: Kutali ndi Kwawo

Kodi Danieli ndi anzake anafika bwanji ku Babulo? Danieli 1:1-7.

M'chaka cha 605 Khristu asanabadwe, chaka chachitatu cha ufumu wa Yehoyakimu, Nebukadinezara anazinga Yerusalemu, natenga zina mwa zipangizo za m'nyumba ya Mulungu pamodzi ndi anyamata a m'banja lachifumu ndi a akalonga. Ulendo wake sunali waufupi. Patapita zaka zambiri Ezara anayenda miyezi inayi kuchokera ku Babulo kufika ku Yerusalemu (Ezara 7:9). Kumeneko kunalibe kachisi, kunalibe wansembe, kunalibe kholo lowayang'anira.

Mfumu inalamula Asipenazi kuti asankhe anyamata opanda chilema ndi ochenjera, aphunzire zaka zitatu, kenaka atumikire m'nyumba yachifumu. Maina awo anasinthidwa. Dzina lakuti Danieli limatanthauza kuti Mulungu ndiye woweruza wanga, ndipo lakuti Azariya limatanthauza kuti Yehova wathandiza. M'malo mwake anapatsidwa maina akuti Belitsazara ndi Abedinego, okumbutsa milungu ya Babulo. Cholinga chinali choonekeratu: pomaliza maphunziro akhale Ababulo m'maganizo ndi m'makhalidwe.

Tisakokomeze fanizoli. Mwana wathu sapita ku koleji ngati kapolo. Amapita mokondwa, ndipo mudzi wonse umakondwa naye. Koma pali pamene akufanana ndi Danieli. Mwina kwa nthawi yoyamba m'moyo wake palibe womudzutsa m'mawa wa Sabata, palibe womufunsa kumene wagona. Chipembedzo chimene chinali cha banja chiyenera tsopano kukhala chake, apo ayi chidzafota monga mbande yowokedwa osathirira.

LOLEMBA: Sanakane Kuphunzira

Nanga anyamatawa anaphunzira zotani, ndipo anawapatsa nzeru ndani? Danieli 1:4, 17, Machitidwe 7:22.

Anaphunzira mabuku ndi chinenero cha Akasidi. Ababulo ankalemba pa mapale a dothi ndi zilembo zosindikiza ndi kabango, ndipo anali akatswiri a masamu ndi a kayendedwe ka nyenyezi. Kuwerenga kwathu kwa mphindi 60 pa ola limodzi kunachokera ku kawerengedwe ka dziko limenelo. Koma nzeru zomwezo zinali zosakanizika ndi kuombeza ndi nthano za milungu. Danieli anaphunzira zonsezi, nazidziwa bwino, osazipembedza. Mose naye analeredwa m'nzeru za Aigupto, ndipo Paulo anaphunzira pa mapazi a Gamaliyeli (Machitidwe 22:3).

Pali abale ena pakati pathu amene amaona ngati umbuli ndiwo linga la chikhulupiriro. Izi si zimene mpingo wathu wakhala ukuphunzitsa. Tinatsegula koleji ku Battle Creek mu 1874, mishoni ya Solusi mu 1894, ndi ya Malamulo ku Thyolo mu 1902, kumene sukulu inayendera limodzi ndi ulaliki. Lero tili ndi Malawi Adventist University. Komabe malo m'masukulu a mpingo sangakwanire ana athu onse. Kuyambira pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, Achiadventi akhala akuphunzira m'makoleji a boma, ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ndipo pambuyo pake ku Mzuzu. Wophunzira wotere adzamva m'kalasi kuti moyo unachita kusinthika pa zaka mamiliyoni ambiri. Ayenera kumvetsa bwino chiphunzitsocho ndi kuchilongosola molondola pa mayeso, pakuti kufotokoza chimene buku likunena sikuvomereza kuti ndicho choona. Amene amathawa funso lovuta amadzaligonjera tsiku lina ali yekha. Amene walifufuza ndi Baibulo lotsegula, nafunsa okhulupirira amene anadutsa njira yomweyo, amatuluka wolimba.

LACHIWIRI: Gome la Mfumu

Werengani Danieli 1:5, 8, Levitiko 11:1-8, 1 Akorinto 6:19, 20.

Danieli analola dzina lachilendo, analola chinenero chachilendo, koma pa chakudya anaima. Pa gome la mfumu panali nyama zimene chilamulo chimazitcha zodetsedwa, nyama yosakhetsedwa mwazi monga Mulungu analamulira, ndiponso chakudya ndi vinyo zimene kawirikawiri zinkayamba zaperekedwa kwa mafano. Kudya pa gomelo tsiku ndi tsiku kunalinso kuvomereza kuti moyo wake uli m'dzanja la mfumu.

Chofunika kuchiona m'vesi 8 ndi nthawi yake. Danieli sanayambe kulingalira mbale ili kale patsogolo pake, fungo la nyama likumukoka, anzake akumuyang'ana. Anali atamanga kale mfundo mumtima mwake. Mayesero a ku koleji safika ndi nyanga. Amafika ngati mnzathu wa m'chipinda chimodzi, amene ophunzira amamutcha mesho, akutipatsa botolo limodzi lokha pokondwerera kutha kwa mayeso. Amafika ngati kapepala kobera mayeso kakuyenda pansi pa madesiki, kapena ntchito ya wina imene tingoikopera n'kulembapo dzina lathu. Kwa mwana wamkazi amene fizi yamuthera, kapena ndalama ya ngongole ya maphunziro yachedwa ndipo mwini nyumba akufuna lendi, amafika ngati bambo wa galimoto wolankhula mokoma. Pa mphindi imeneyo nthawi yoganiza imakhala itatha. Chimene munthu anatsimikiza asanachoke kwawo ndicho chimayankha (Luka 16:10).

LACHITATU: Anapempha Mwaulemu, Ndiponso Msanga

Kodi Danieli anachita chiyani pempho lake loyamba litakanika? Danieli 1:8-16.

Apa pali phunziro limene ambiri timalilumpha. Danieli sanagubuduze mbale, sanalalikire mkulu wa adindo za uchimo wa Babulo, ndiponso sanataye chakudya mobisa n'kumanamizira kuti wadya. Anapempha. Mkuluyo atanena kuti akuopa mfumu, pakuti nkhope zawo zikanyentchera mutu wake ukhala pangozi, Danieli sanapeputse mantha amenewo. Anapita kwa kapitao wowayang'anira ndi pempho losavuta kulilandira: awayese masiku khumi ndi zomera ndi madzi, kenaka aweruze yekha. Anateteza chikumbumtima chake popanda kuika mnzake m'mavuto.

Kwa wophunzira Wachiadventi yesero lofanana ndi ili ndi Sabata (Eksodo 20:8-11). Koleji ikatsekedwa kwa kanthawi n'kutsegulidwanso, aphunzitsi amafuna kubweza nthawi yotayika, ndipo tsiku limene amaliona lopanda ntchito ndi Loweruka. Palinso Lachisanu madzulo. M'mwezi wa Juni kuno kwathu dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5:30, choncho phunziro la m'labotale loyamba masana likhoza kulowa m'maola opatulika.

Tiyerekeze ophunzira awiri a kalasi imodzi. Woyamba sananene kwa aliyense kuti ndi Mwadiventi. Wakhala akulowa m'kalasi Loweruka lina ndi lina pamene zinamukomera. Mayeso akaikidwa pa Sabata, akuthamangira ku ofesi Lachisanu masana ndi kalata ya abusa, akulankhula za ufulu wake. Mphunzitsi, amene anamuona m'kalasi Loweruka lapitalo, adzamukhulupirira bwanji? Wachiwiri anapita sabata yoyamba ya teremu, nagogoda, nati: "Pepani aphunzitsi, ndabwera kuti mudziwiretu. Ine ndimasunga Sabata kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu kufikira kulowa kwa dzuwa Loweruka. Ngati pangadzakhale mayeso nthawi imeneyo, ndikupempha kuti mundilole ndilembe tsiku lina, ngakhale lisanafike tsiku la anzanga, kapena Loweruka lomwelo dzuwa litalowa, pansi pa woyang'anira amene inu mungasankhe." Pambuyo pake sanajombe, ntchito zake amapereka pa nthawi yake, ndipo zimene anzake aphunzira Loweruka amazikopera ndi kuziwerenga Sabata litatha. Pempho la wophunzira wotere ndi lovuta kulikana.

Ndi zoona kuti malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994, m'gawo 33, amapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, ndipo si kulakwa kuwatchula pamene pafunika. Paulo naye anatchula ufulu wake monga mbadwa ya Roma (Machitidwe 22:25). Koma lamulo likhale chomalizira, osati moni. Tikumbukirenso kuti kukonza mayeso achiwiri ndi ntchito yoonjezera kwa mphunzitsi amene ali ndi ophunzira mazana. Akatichitira zimenezi, tibwerere kukathokoza. Mmene tachitira ife ndimo adzalandirire Mwadiventi wa chaka chamawa.

Tinenenso chinthu china chosakoma. Pali ena amene amakumbukira Sabata pokhapokha mayeso akawapeza osakonzeka. Lamulo lachinayi lomwelo limene limatiuza kupuma tsiku lachisanu ndi chiwiri limatiuzanso kugwira ntchito masiku asanu ndi limodzi. Wosunga Sabata amene ali waulesi pakati pa sabata amachititsa manyazi choonadi chimene akunena kuti akuchiteteza.

LACHINAYI: Nanga Akakana?

Yerekezani Danieli 1:18-20 ndi Danieli 3:16-18.

Pa mayeso otsiriza mfumu inapeza anyamata anayiwa akuposa kakhumi alembi ndi openduza a m'dziko lake. Timakonda nkhani imeneyi, ndipo timakonda maumboni ofanana nayo. Koma tikhale oona. Si wophunzira aliyense wokhulupirika amene mayeso ake amasunthidwa. Ena amalembedwa kuti alephera phunzirolo, ena amabwereza chaka, pamene makolo anagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti awalipirire. Tikauza ana athu kuti kumvera Mulungu nthawi zonse kumabweretsa malikisi apamwamba, tikuwalonjeza chimene Mulungu sanalonjeze, ndipo tsiku limene zidzavute adzaganiza kuti wawanamiza ndi Mulungu.

Pa chigwa cha Dura anzake atatu a Danieli anauza mfumu kuti Mulungu wawo ali nayo mphamvu yowapulumutsa, koma kuti ngakhale asawapulumutse, fano salipembedza. Sanadziwe kuti nkhani itha bwanji. Kumvera kwawo kunalibe mtengo woikidwiratu.

Onani kuti anali atatu, ndipo m'chaputala 1 anali anayi. Pamene moyo wawo unali pangozi chifukwa cha loto la mfumu, Danieli anapita kunyumba kukauza anzakewo kuti apemphere pamodzi (Danieli 2:17, 18). Mutu umodzi susenza denga. Wophunzira akafika pa koleji, afunefune gulu la ophunzira Achiadventi Sabata loyamba lomwelo, asanazolowere kugona mpaka masana (Ahebri 10:25). Apatulenso nthawi yake ya pemphero monga anachitira Danieli, amene atakalamba ankagwadabe katatu pa tsiku monga mwa chizolowezi chake (Danieli 6:10).

Ifenso otsala kumudzi tili ndi mbali yathu. Mlembi wa mpingo angathe kudziwitsa mpingo woyandikana ndi kolejiyo kuti mwana wathu wafika. Mabanja okhala pafupi ndi makoleji angathe kuitana ophunzira awiri kapena atatu ku chakudya cha masana pa Sabata. Kwa ena imeneyo ndiyo nsima yokhuta yokhayo ya sabata imeneyo. Ndipo mwana akabwereza chaka chifukwa chokana kulemba pa Sabata, mpingo umene unamuphunzitsa lamulolo usangomuombera m'manja, usonkhe fizi.

LACHISANU: Kuwerenga Koonjezera

Werengani Yeremiya 29:4-7, kalata yopita kwa andende a ku Babulo yowauza kuti amange nyumba, alime minda, ndi kufunira mtendere mzinda umene akukhalamo. Amene ali ndi buku la Ellen G. White lotchedwa Prophets and Kings awerenge chaputala 39, chimene chikufotokoza za anyamatawa m'nyumba ya mfumu.

Mafunso okambirana m'kalasi:

1. Wophunzira unamwino kapena udokotala waikidwa kuti akasamalire odwala m'wodi pa Sabata monga mbali ya maphunziro ake. Kodi izi zikusiyana bwanji ndi kulemba mayeso pa Sabata? Mateyu 12:10-12 akutithandiza motani, ndipo malire ake ali pati?

2. Bambo amene si wa mpingo wathu, amenenso ndiye akulipira fizi, walamula mwana wake kuti alembe mayeso a Loweruka. Mwanayo angamuyankhe bwanji popanda kuphwanya lamulo lachinayi kapena lachisanu?

3. Tchulani maina a ana a mpingo wanu amene ali ku koleji tsopano lino. Ndani m'kalasi muno amene walankhula nawo teremu ino?