Dzukani Amalawi a ku Durban, chuma chili m'manja mwanu

Abale ndi alongo amene munatulukira pa Mwanza, n'kudutsa Tete ndi Beitbridge mpaka kudzaponda mumzinda wa Durban, tcherani khutu. Munanyamula kachikwama kamodzi, inde, koma simunabwere chimanjamanja. Munabwera ndi manja odziwa kuluka mkeka wa mlaza, kusoka mphasa ya bango, kuumba mtsuko, kusema mtondo ndi chipande, ndiponso kupalasa makina osokera pakhonde la sitolo. Lero manja omwewo akutchetcha kapinga ku Umhlanga, akutsuka mbale ku Berea, akupakira katundu m'mashopu a ku Overport. Ntchito zimenezo n'zolemekezeka, chifukwa ndizo zikudyetsa ana ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay. Koma luso lija munalisiya kuti? Mukulola bwanji kuti lichite dzimbiri mumzinda umene anthu wamba akudyera ntchito za manja awo?

Taonani zimene anachita alonda a usiku a mumzinda uno. Zaka zambiri zapitazo, amuna achizulu olondera nyumba ndi mafakitale ankatola zidutswa za waya wa telefoni, uja wamitundumitundu, n'kumakulunga pa zibonga zawo kuti usiku uwachepere. Kuchokera pa zibonga, anayamba kuluka mbale zotengera imbenge, chivundikiro cha udzu chimene Azulu amavundikira nacho mbiya ya mowa. Elliot Mkhize, amene naye anagwirapo ntchito yaulonda, anatchuka nalo luso limeneli, ndipo m'dera la Siyanda mabanja ambiri anayamba kupeza chakudya poluka waya. Lero mbale zimenezi zikukongoletsa nyumba m'maiko akutali, ndipo zina zikusungidwa ku Museum of International Folk Art mumzinda wa Santa Fe ku America. Anthu amenewa analibe mpamba, analibe shopu, analibe digiri. Anali ndi maso oona phindu pa chinthu chotayidwa, ndi manja osatopa. Mlonda wachimalawi amene mukuchezera pageti usiku uno, mwamva?

Kwerani mtunda mukafike ku Hillcrest. Kumeneko bungwe la Hillcrest AIDS Centre Trust, limene linayamba mu 1990, lili ndi shopu yotchedwa Woza Moya. Amayi ndi agogo amene Edzi inawalanda ana n'kuwasiyira adzukulu anatenga singano ndi mikanda n'kuyamba kupanga tizidole tating'onoting'ono totchedwa Little Travellers, timene tayenda dziko lonse titakolekedwa pa malaya a alendo. Sanaimire pamenepo. Anasonkhana n'kukuta mpando wathunthu ndi mikanda, aliyense kuikapo maloto ake, ndipo mu 2011 mpando umenewo, Dreams for Africa Chair, unasankhidwa pa chionetsero cha Design Indaba kukhala chinthu chokongola koposa m'dziko lonse la South Africa. Amayi amene anthu ankangowamvera chisoni anasanduka amisiri oomberedwa m'manja. Chisoni sichinawachokere tsiku limodzi, koma anakana kukhala manja lende.

Mzinda uno unayamba kale kulemekeza mmisiri. African Art Centre inatsegulidwa mu 1959, nthawi ya tsankho, ndipo Jo Thorpe anatha zaka zambiri akuthandiza oluka, osema ndi oumba akuda kupeza ogula pamtengo woyenera. Mu 1995 BAT Centre inatsegula zitseko zake m'mbali mwa doko kuti aluso apeze pogwirira ntchito ndi pogulitsira. Msika wa Victoria Street, umene unayamba mu 1910, unapsa mu 1973, koma anaumanganso ndipo mpaka lero ukugulitsa zokometsera ndiwo, madengu ndi ziboliboli. Nanga ku Warwick Junction? Mu 2009 akuluakulu a mzinda anafuna kuchotsa Early Morning Market kuti pamangidwe nyumba yaikulu ya mashopu. Ogulitsa anakana, anapita kukhoti, ndipo msikawo ulipobe. Anthu a mabenchi ndi timatebulo anaonetsa kuti malonda ang'onoang'ono akagwirana manja sakankhika.

Tsopano tiyang'ane kwathu. Lowani m'mashopu ogulitsa zokongoletsera nyumba muno mu South Africa, mukafunse za Malawi chair. Akuonetsani mpando wa nsungwi uja timauona ukulukidwa m'mbali mwa misewu ya kwathu, uli pamalo aulemu, mtengo wake woti wolukayo atamva angagwire pakamwa. Dzina la dziko lathu likugulitsa katundu m'mahotela ndi m'makonde a anthu olemera, pamene ife eni dzinalo tikungodutsa panja pa galasi. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko atumiza ntchito zawo kunja kwa dziko. Ku Dedza Pottery makapu ndi mbale zadothi zakhala zikuimitsa alendo pamsewu wa M1. Luso tili nalo, mbiri tili nayo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Lekani kupeputsa lichero, nkhali ndi chitenje ngati zizindikiro za umphawi, pamene eni ndalama akuzipachika pakhoma.

Ndiye muyambire pati? Yambani ndi maso. Tsiku lopuma lisathere pa foni. Pitani ku Phansi Museum ku Glenwood mukaone mikanda, mbiya ndi zovala za mitundu ya anthu a kum'mwera kwa Africa. Lowani m'shopu ya KZNSA Gallery pamsewu wa Bulwer. Loweruka m'mawa lawirirani ku msika wa Shongweni, mukaone mmene anzanu akuyalira malonda. Yendani m'mbali mwa nyanja, pa Golden Mile, pamene amayi amatunga mikanda ali chikhalire pafupi ndi katundu wawo. Gwirani chinthu, chitembenuzeni, onani msoko wake, funsani mtengo. Musapite kukaba nzeru za eni ake. Mkanda wa Mzulu ndi wa Mzulu, ndipo iye adzakuposani nthawi zonse pa chake. Inu pitani mukaphunzire zimene wogula amafuna, kenako mubwerere ku chanu, chimene wina aliyense pamsikapo alibe.

Mukatero, pangani chinthu chimodzi, ndipo chikhale chabwino. Telala asoke mapilo a chitenje oongoka msoko, zipi yake yosakakamira. Kalipentala atole mapulanga otayidwa, awapale bwino, apange kashelefu kosagwedera. Woluka aluke dengu lokhazikika pansi, losabaya m'manja. Wogula amakhululukira mtengo wokwera, koma sabwereranso kwa mmisiri wa ntchito yothamangira. Poika mtengo werengani zipangizo, thiransipoti ndi maola amene mwagwira. Musagulitse thukuta lanu motaya chifukwa choopa kuti munthu achoka. Jambulani katundu wanu poyera, muike pa WhatsApp ndi pa Facebook. Onetsani abwana anu, a kumpingo, a kumzikiti ndi oyandikana nawo. Mwini kashopu akakulolani kusiya zinthu zanu kuti akugulitsireni, lemberanani pa pepala. Musanayale malonda pamsewu, funsani za chilolezo ku khonsolo ya eThekwini, ndipo mapepala anu okhalira m'dziko muno akhale olongosoka. Safunsa anadya phula.

Musayende nokha. Chipereganyu chimene timachita pofuna kugula malata a kumudzi chingathenso kugula makina osokera, macheka kapena mpukutu wa nsalu. Mmodzi adziwa kupanga, wina adziwa kulankhula ndi ogula m'Chizulu ndi m'Chingerezi, wina ndi wokhulupirika posunga ndalama. Phatikizani mphatso zimenezi. Ndipo pagulu lanu musamatsekere kunja eni dziko. Mayi wachizulu wogulitsa pafupi nanu mumuyese mnansi, pakuti msika mukuudalira ndi umodzi. Mugule kwa iye, mumutumizire makasitomala, muphunzire moni wa chiyankhulo chake.

Zowawa za mzinda uno tonse tikuzidziwa. Mu April 2015 alendo anathamangitsidwa ku Isipingo ndi ku Chatsworth, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kwawo pa mabasi atataya zonse. Mu July 2021 mashopu anathyoledwa ndi kutenthedwa. Mu April 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ndi kukokolola nyumba. N'chifukwa chake ndikukuchondererani kuti mugwiritse luso lanu. Ganyu amatha bwana akasamuka. Katundu amabedwa, nyumba imagwa. Koma chimene manja anaphunzira palibe angakulandeni, ndipo tsiku lobwerera kumudzi mudzawoloka nacho malire popanda kulipira msonkho, n'kukatsegula nacho malonda ku Limbe, ku Salima kapena ku Mzuzu.

Inunso amene simuluka kapena kusema, muli ndi mbali yanu. Kachipinda kanu ka lendi, ngakhale katachepa bwanji, kakongoletseni ndi zinthu zopangidwa ndi munthu amene mungamutchule dzina. Yalani chitenje pa tebulo, ikani zipatso m'dengu, pachikani lichero pakhoma kuti ana obadwira kuno afunse kuti n'chiyani, inu muwafotokozere za kwawo. Randi imene mwapereka kwa telala wa pakona kapena kwa agogo a mikanda imagula ufa tsiku lomwelo ndipo imalipira fizi ya mwana. Mukapeza chinthu chabwino, lipirani mosanyinyirika, ndipo kauzeni ena kumene mwachigula.

Musadikire kuti mpamba uchuluke kapena kuti zinthu ziyambe zakhala bwino. Alonda aja anayamba ndi waya wotola, agogo a ku Hillcrest anayamba ndi singano. Sabata ino fukulani luso limene munaphunzira kwa amayi anu, kwa amalume kapena kwa agogo. Gulani zipangizo zochepa, pangani chinthu choyamba, ndipo mwezi usanathe mukhale mutachionetsa kwa wogula. Dzukani abale anga, gwirani ntchito ndi manja anu, ndipo phunzitsani mwana mmodzi zimene mukudziwa.