Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere

Zimandipweteka mtima ndikamva owerenga akumumvera chisoni Dr Henry Jekyll, ati anali munthu wabwino amene anangolakwitsidwa ndi mankhwala. Ayi ndithu. Mlandu wa bambo ameneyu makolo athu anaugamula kale pomwe anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Robert Louis Stevenson anatulutsa nthano ya Jekyll ndi Hyde m'chaka cha 1886. Jekyll ndi dokotala wa ku London, wa zaka pafupifupi 50, wachuma, wothandiza osauka, woitana anzake olemekezeka ku chakudya chamadzulo. Koma m'kalata yake yomaliza akuvomera yekha kuti zilakolako anali nazo kuyambira unyamata, ndipo ankazibisa mankhwalawo asanawaganizire n'komwe. Chimene ankafuna si kuleka tchimo. Ankafuna kuchimwa popanda kutaya ulemu. Nyerere zinali m'katimo kale. Mankhwala anangozipatsa nkhope ina ndi dzina lakuti Edward Hyde.

Taonani mmene Jekyll anakonzekerera. Anamupezera Hyde nyumba ku Soho. Analemba wilo yomusiyira chuma chonse. Hyde atapondaponda kamtsikana pamsewu usiku, banja la mwanayo linalipidwa mapaundi 100, ndipo 90 mwa iwo anali pa cheke chosainidwa ndi Jekyll. Kodi dokotalayo anagwa mphwayi ndi kulira kwa mwana uja? Anangotsegula akaunti ina kubanki m'dzina la Hyde, kuti dzina lake lisadzatulukenso. Munthu wogwidwa mwangozi sachenjera chotero.

Ena adzati, nanga si analapa? Ndivomere, ngakhale monyinyirika: Hyde atapha Sir Danvers Carew, phungu wa nyumba ya malamulo, Jekyll anasiya mankhwala kwa miyezi ingapo, nalimbikira zachifundo ndi zachipembedzo. Koma mantha a chingwe cha onyonga anali pomwepo, ndipo kulapa kwenikweni kukanamufikitsa kupolisi. Iye anapeka kalata yabodza yonena kuti Hyde wathawa.

Ndivomerenso kuti si mkuyu uliwonse wofiira uli ndi nyerere. Loya Gabriel Utterson ndi munthu wodziletsa, wokhulupirika kwa abwenzi. Komabe nayenso sindimumasula. Ndodo imene inapha Carew anaizindikira, poti ndiye anaipereka kwa Jekyll ngati mphatso, koma sananene. Kalaliki wake, Mr Guest, atamuonetsa kuti kalembedwe ka Hyde ndi ka Jekyll n'kofanana, Utterson anatsekera kalatayo m'sefa. Munthu wafa, iye akuteteza mbiri ya mnzake! Apa m'pamene mwambiwu umatiluma ife oyang'ana, pakuti chipatso chovunda chimakhalitsa pamtengo chifukwa ochiona amaopa kuching'amba.

Choncho mukamawerenga bukuli, musamugawe munthuyu pawiri ngati kuti theka lina n'losalakwa. Amene anasakaniza mankhwala, nawamwa mobwerezabwereza akudziwa zotsatira zake, ndi Jekyll. Wopha Carew ndi yemweyo.