Mwini Galimoto Ndani?

Pali funso limene aphunzitsi athu a filosofi salilemba pa bolodi, koma limamveka pa galaja iliyonse ya ku Ndirande: kodi munthu akalipira chinthu, ndiye kuti wasanduka mwini wake? Mapepala a boma amati inde. Ine ndikuti tisafulumire. Tiyeni, anzanga, tiliyese funsoli pa galimoto zakale zaukali za ku America, zija zithunzi zake anyamata amamata pakhoma.

Galimotozi zinatchuka kuyambira mu 1964, pamene kampani ya Pontiac inatulutsa GTO: injini yaikulu m'thupi la galimoto wamba. Mu 1973 mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse, malamulo oletsa utsi nawonso atakhwima, injini zikuluzikuluzo zinafooka. Amisiri anatembenukira kwa turbo. Turbo ndi kachipangizo kamene kamazunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini, ndipo pozungulirapo kamakankhira mpweya wambiri m'injinimo, kotero kuti injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Mu 1987 kampani ya Buick inapanga GNX, ya injini ya malita 3.8 ndi mphamvu ya akavalo 276. Inapanga 547 zokha, zonse zakuda bii.

Tsono mverani izi. Mu 2019 imodzi mwa galimotozi inagulitsidwa madola 200,000, chikhalirecho itayenda mamailosi osakwana 10 pa zaka zoposa 30. Chinthu chopangidwira liwiro sichinathamangepo. Amene ankachisunga ankachipukuta fumbi, ankachitchinjiriza ku dzuwa ndi ku dzimbiri, koma kuchiyendetsa ayi, poopa kugwetsa mtengo wake. Kodi ameneyu tizimutcha mwini kapena mlonda? Kwathu kuno munthu wochezera kuyang'anira chuma chimene sangachikhudze dzina lake timalidziwa, kungoti iye pakutha pa mwezi amalandirako kanthu.

Tibwere kwathu. Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Chilomoni wagwira ntchito ku Joni zaka zingapo, ndipo wabwera nayo galimoto yotereyi, ngakhale yotsikirapo mtengo, monga Pontiac Turbo Trans Am ya 1980. Agogo ake, pobwera ku Wenela, ankatenga njinga, wailesi ndi jekete, mudzi wonse nkusonkhana kudzaona. Mtima wake ndi womwewo: kuonetsa kuti kuchoka kunali ndi phindu. Pamenepa palibe chomunyozera.

Koma kugula ndi kwa tsiku limodzi, pamene kusunga ndi kwa masiku onse. Chiwongolero cha galimotoyi chili kumanzere, chikhalirecho ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye kupitirira minibasi pa Chipembere Highway ndi kuyesa Mulungu. Mimba yake ndi yotsika, ndipo misewu ya m'kati mwa Machinjiri ndi Bangwe siimva chisoni. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, amene Malawi wakhala akupanga ku Dwangwa kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amadya mapaipi a labala akale. Turbo imatentha koopsa. Imafuna oilo wabwino, wosinthidwa pa nthawi yake. Chitsulo chikathyoka sichipezeka pa msika wa Ndirande. Kampani ya Pontiac inatsekedwa mu 2010, ndipo choitanitsa kunja chimafuna madola. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anagonapo pa mzere wa mafuta mu 2011 kapena mu 2022 akudziwa kuti galimoto yomwa kwambiri ndiyo imayamba kuima.

Ndalama zonsezi zichokera kuti? Apa ndi pamene nkhani ya zitsulo imasanduka nkhani ya chikumbumtima. Kwa ife malipiro a munthu mmodzi sakhala a munthu mmodzi. Muli fizi ya mlongo wake, muli feteleza wa amayi kumudzi, muli bokosi la maliro a malume. Ngati turbo yatsopano yagulidwa ndi fizi ya mwana, ndiye kuti wagula ndi mwanayo, ngakhale sanafunsidwe ndipo mwina sadzaikwera. Dzina la pa mapepala ndi la wina, thukuta ndi la wina.

Wina adzaimirira nati: imeneyo ndi nsanje chabe, ija nyimbo ya fuko lathu imaitchula pakati pa adani. Adzatinso: kodi wosauka alibe ufulu wokonda chinthu chokongola? Kodi moyo ndi nsima yokha? Mawu amenewa ali ndi mano, ndipo sindiwapeputsa. Munthu wa ku Zingwangwa amene amabzala maluwa pakhomo pamene akanabzala mpiru sanalakwe. Mtundu umene umaletsa ana ake kulota za zinthu zopanda phindu sudzabala mmisiri kapena mlakatuli. Amakaniko ambiri anayamba ndi kusirira mkokomo wa injini ali ana. Kukonda galimoto si tchimo, ndipo kuposa anzako pa chuma si mlandu.

Mlandu umayamba pamene wosangalala ndi wolipira ali anthu awiri osiyana. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma kung'animako kuwalire iye amene anafunsira mbeta, osati abale ake. Choncho ndikuika miyeso itatu. Woyamba: kodi ndingaisunge ndi zotsala, amene amadalira ine atadya? Wachiwiri: kodi ndikuidziwa, kapena ndimangoimirira pambali makaniko ali chagada pansi pake? Wachitatu, umene uli wovuta kuposa yonse: tsiku limene mwana wadwala, kodi ndingaigulitse osanyinyirika? Amene sangathe kuchitaya chinthu, chinthucho ndicho chamugula iye.

Ambiri a ife tikamatuluka pa sukulu pano tidzakhala oyamba m'banja kulandira malipiro a pamwezi, ndipo maso a mudzi wonse adzakhala pa thumba lathu. Mwina GNX sitidzaiona ndi maso, koma aliyense adzakumana ndi yakeyake: suti, foni, nyumba ya mpanda. Tisanapereke ndalama tidzifunse amene adzagone ndi njala kuti injiniyo ilire. Ngati palibe, gulani, yendetsani, ndipo ana a m'makwalala akathamangira mkokomo wake muwatsegulire boneti aone.