Chitetezo cha Mulungu ndi Manda a Okhulupirira mu Mzinda wa Blantyre

Mwa ziphunzitso zonse za Chikhristu, chimene chimamveka kawirikawiri pakamwa pa anthu a ku Chirimba, Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ndi chakuti Mulungu amateteza ndi kutsogolera anthu ake, ndiponso kuti amawakonda osayang'ana zimene iwo achita kapena alephera kuchita. Chiphunzitsochi chimalembedwa kumbuyo kwa maminibasi ndi pa zikwangwani za maokala, chimatchulidwa m'pemphero la m'bandakucha la munthu amene akulawirira ku mafakitale a ku Chirimba kapena kokasaka ganyu, ndipo ndicho mutu wa maumboni ambiri, kunena za mwambo wofotokoza pagulu zimene Mulungu wamuchitira munthu, m'milaga ya CCAP, m'malimana a Akatolika ndi m'misonkhano ya mipingo ya Chipentekoste. M'masiku a mtendere chitetezo ndi chikondi zimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma tsoka lalikulu likagwa, wokhulupirira amakakamizika kufunsa ngati munthu amene sanapulumuke anali wokondedwa mofanana ndi amene wapulumuka.

Funsoli linafika pa khomo la mzinda wa Blantyre mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osakata m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, mitsinje inasefukira m'mbali zambiri za mzindawu, ndipo pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, amene kale anatsogolera mpingo wa Assemblies of God, analengeza kuti chigawochi chagwa m'ngozi, kenaka nalamula masiku 14 olira maliro. Anthu amene anafa kapena kusowa osapezekanso anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anachoka m'nyumba zawo, zonsezi zikuchitika dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700. Mumzinda umene Akhristu ndi ochuluka chotere, n'zosakayikitsa kuti ambiri mwa amene anakwiririka anagona atapemphera, ndipo popeza mabanja a mu Blantyre ali ndi abale mbali zonse za mzinda, funso lobadwira ku Chilobwe linakhuzidwa pamodzi ndi maliro mpaka ku Chirimba ndi ku Machinjiri.

Yankho limene limabwera msanga, ngakhale kuti ambiri amalinena monong'ona, ndi lakuti chitetezo chikalephera ndiye kuti pali khomo limene linasiyidwa lotseguka, kutanthauza tchimo lobisika, temberero la kumtundu, chakhumi chosaperekedwa kapena chikhulupiriro chofooka. Maganizo amenewa ali ndi mizu yakale kuposa mipingo imene imawalalikira. M'chikhalidwe cha makolo, munthu ankatsirika nyumba, munda kapena thupi lake ndi mankhwala a sing'anga, ndipo mankhwala otere ankabwera ndi malamulo ake, kotero kuti tsoka likalowa m'nyumba yotsirikidwa, mlandu sunkagwera mankhwala koma mwini wake, amene ankati wawasukulutsa pophwanya lamulo. Rijk van Dijk, katswiri wa ku Netherlands amene anafufuza za alaliki achinyamata obadwanso mwatsopano mu Blantyre ndi kulemba za iwo mu 1992, anaonetsa kuti alalikiwa ankalimbana mwamphamvu ndi zithumwa ndi ufiti, ndipo ankaitanira anthu ku chitetezo cha Mzimu Woyera m'malo mwake. Ntchito imeneyo inamasula anthu ambiri ku mantha, ndipo n'kulakwa kuipeputsa. Vuto ndi lakuti munthu angathe kutentha chithumwa koma kaganizidwe ka chithumwa n'kutsala mumtima, kotero kuti pemphero, kusala kudya, mafuta odzozera ndi chopereka zimayamba kugwira ntchito imene mankhwala ankagwira, ndipo zikaoneka ngati zalephera, chala chimalozanso kwa wovutikayo.

Apa ndi pamene ziphunzitso ziwiri zija, cha chitetezo ndi cha chikondi, zimasemphana. Chisomo, chimene m'maphunziro a zaumulungu chimatanthauza kukoma mtima kwa Mulungu kopatsidwa kwa munthu amene sanakugwirire ntchito ndipo sangakulipire, sichingakhale pamodzi ndi chitetezo chogulidwa ndi khalidwe, chifukwa ngati kupulumuka ndi malipiro a munthu wolungama, ndiye kuti imfa ya mwana wa ku Chilobwe ndi chigamulo pa iye kapena pa makolo ake. Komanso aliyense wodziwa mzinda wa Blantyre amaona kumene mfundo yotere imathera. Nyumba zimene zinagwa zinali makamaka za m'malo otsetsereka ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene anthu amamanga chifukwa malo ndi lendi n'zotsika mtengo, ndipo zambiri zinali za zidina kapena za njerwa zomangidwa ndi dothi, pamene nyumba za simenti za ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside zinaima. Amene anganene kuti opulumuka ndiwo okondedwa kwambiri ayenera kuvomerezanso kuti chikondi cha Mulungu chimatsata mitengo ya mapuloti, ndipo palibe Mkhristu woganiza bwino amene angavomere zimenezo. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro siikata, ndipo mwambiwu umanena zoona za umphawi, koma suyenera kusandulika chiphunzitso chonena za mtima wa Mulungu.

Baibulo lenilenilo, limene mbali zonse za mtsutsowu zimadalira, limakana maganizo a malipiro mobwerezabwereza. Salimo 91, limene Akhristu ambiri amaliwerenga asananyamuke ulendo ndipo ena amasiya Baibulo lotsegula pa ilo usiku, limalonjezadi chitetezo ku mliri ndi ku zoopsa, koma ndi salimo lomweli limene Mdyerekezi anagwiritsa ntchito pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, monga akufotokozera Mateyu 4 ndi Luka 4, ndipo Yesu anakana kusandutsa lonjezo kukhala chida chokakamizira Mulungu. Mu Luka 13, Yesu akutchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nakanitsitsa kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu, ndipo nkhani imeneyi, ya nsanja yogwera anthu wamba, ili pafupi kwambiri ndi zimene zinachitika pansi pa phiri la Soche. Buku la Yobu limapereka mitu yambiri kwa abwenzi atatu amene anafika kudzapepesa koma anathera pofufuza tchimo la wovutikayo, ndipo kumapeto kwake ndi iwowo amene Mulungu akuwadzudzula, osati Yobu amene anadandaula mokweza. Anyamata atatu a pa Danieli 3 ananena kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa m'ng'anjo, nawonjezera kuti ngakhale atapanda kuwalanditsa sadzagwadira fano, ndipo gawo lachiwirili ndilo silimveka kawirikawiri pa maguwa a masiku ano.

Mpingo unakumanapo ndi funsoli m'mibadwo ina. Mzinda wa Roma utafunkhidwa mu 410, Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anayamba buku lake lalikulu lonena za mzinda wa Mulungu poyankha anthu amene ankafunsa chifukwa chake Akhristu anaphedwa ndi kugwidwa ukapolo pamodzi ndi ena onse, ndipo anaphunzitsa kuti zabwino ndi zowawa za moyo uno zimagwera olungama ndi osalungama omwe, kuti anthu asamatumikire Mulungu pofuna mphotho za pansi pano. Chivomezi cha ku Lisbon cha pa 1 Novembala 1755 chinagwetsa matchalitchi pa tsiku la Oyera Onse, anthu ambiri ali ku mapemphero, ndipo chinavutitsa maganizo a anthu ophunzira mu Ulaya kwa zaka zambiri.

Kukana maganizo a malipiro sikutanthauza kuti chitetezo cha Mulungu ndi mawu chabe. Mipingo yochokera ku chiphunzitso cha John Calvin, imene Sinodi ya Blantyre ndi umodzi mwa iyo, imanena za chisamaliro cha Mulungu, kutanthauza kuti Mlengi sanasiye dziko liziyenda lokha koma amaligwiriziza ndi kulilamulira, ndipo Calvin mwini wake anatsindika kuti chisamalirochi nthawi zambiri chimagwira ntchito kudzera m'njira wamba, kotero kuti munthu amene wapatsidwa nzeru zopewera ngozi ayenera kuzigwiritsa ntchito. Mishoni ya Blantyre, imene inakhazikitsidwa mu 1876, inaika tchalitchi, sukulu ndi ntchito ya chipatala pa malo amodzi, ndipo chipatala cha Mlambe ku Lunzu, cha mpingo wa Katolika, chimachitira umboni chikhulupiriro chomwecho, chakuti pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Motero chenjezo la nthambi yoona za nyengo pa wailesi, kolorini wothira m'madzi akumwa, katemera wa kolera, ngalande yokumbidwa mvula isanayambe ndi mtengo wosiyidwa m'phiri n'zina mwa njira zimene Mulungu amatetezera anthu, ndipo wozikana m'dzina la chikhulupiriro akuchita chimene Yesu anakana pamwamba pa Kachisi. Makolo ankati napolo wadutsa madzi ndi miyala zikatsika m'phiri, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo mawuwa ankasonyeza mantha oyenera pa mphamvu zoposa munthu, koma sayenera kubisa mbali ya munthu m'tsokalo. Mapiri a Ndirande ndi Soche anadulidwa mitengo ndi manja a anthu, ndipo nkhalango ya Michiru, imene anthu a ku Chirimba ndi Chilomoni amaiona tsiku ndi tsiku, yakhala ikutha chifukwa cha makala ndi nkhuni zimene mzinda wonse, kuphatikizapo mabanja opemphera, umaphikira. Wootcha makala amachita zimenezi chifukwa cha njala, ndipo n'chifukwa chake mlanduwu ndi wa mzinda wonse ndi olamulira ake, osati wa iye yekha.

Komabe pali imfa zimene chenjezo, ngalande kapena katemera sizikanaletsa, ndipo pamenepa chiphunzitso cha Chikhristu chimalankhula modzichepetsa. Paulo, mu Aroma 8, akutchula nsautso, njala, usiwa, zoopsa ndi lupanga ngati zinthu zimene zimagweradi okhulupirira, ndipo chimene akulonjeza si chakuti zinthuzi zidzawalambalala, koma chakuti palibe chimodzi mwa izo, ngakhale imfa imene, chingawachotse m'chikondi cha Mulungu. Maziko a lonjezoli ndi mtanda, chifukwa Mwana amene Mauthenga Abwino amamutcha wokondedwa sanapulumutsidwe ku imfa koma anaukitsidwa atadutsamo, ndipo Akhristu amene amakwera Njira ya Mtanda pa phiri la Michiru kuchokera ku Chilomoni amavomereza ndi mapazi awo kuti kuzunzika si chizindikiro cha kukanidwa. Chikondi chotere chimafanana pang'ono ndi cha mayi amene akudwazika mwana ku chipatala cha Queen Elizabeth, amene amagona pansi pambali pa bedi osafunsa ngati mwanayo anadziputira yekha matendawo, ngakhale kuti fanizoli limaperewera, popeza mayi alibe mphamvu pa imfa pamene Akhristu amakhulupirira kuti Mulungu ali nayo ndipo adzaionetsa pa kuuka kwa akufa. Chifukwa chimene Mulungu amalanditsira wina lero ndi kulola wina kufa sichinaululidwe, ndipo m'busa amene amanena kuti akuchidziwa amanena zoposa zimene Malemba anamupatsa.

Wina angatsutse kuti chiphunzitso chotere chimafooketsa pemphero, popeza munthu wa ku Chirimba amene mwana wake watentha thupi usiku safuna kumva za kuuka kwa akufa koma kuti mwanayo aone m'mawa. Kutsutsaku n'kwamphamvu, ndipo yankho lake si kuletsa munthuyo kupempha machiritso, chifukwa pemphero limene Yesu anaphunzitsa ophunzira ake limapempha chakudya cha tsiku ndi kulanditsidwa ku choipa, ndipo iye mwini ku Getsemane anapempha kuti apulumuke asanadzipereke ku chifuniro cha Atate. Chimene chimasintha ndi maziko a pempherolo: wopemphayo amabwera ngati mwana kwa kholo limene limamukonda kale, osati ngati wogula amene walipira ndipo akudikira katundu wake, kotero kuti yankho likachedwa kapena likabwera losiyana ndi chimene anapempha, safunika kudzifufuza mpaka kudzida, ndiponso safunika kupita kwa mneneri wina ndi ndalama zochulukirapo. Munthu wopulumuka pa ngozi akuyeneranso kuyamika, ndipo umboni wake ndi woona, koma uyenera kunenedwa m'mawu amene namfedwa wokhala pa benchi yomweyo angamve osaganiza kuti mwamuna wake anali wotayika.

M'masiku a Freddy chikondi chosawerengera chija chinaoneka kwambiri m'ntchito za anthu wamba, pamene achinyamata ankafukula matope ndi makasu ndi mafosholo pofunafuna anthu amene sankawadziwa, sukulu ndi matchalitchi zinasanduka misasa, ndipo amayi a Mvano, a Dorika ndi a mabungwe a Chikatolika, pamodzi ndi Asilamu ndi ena osapemphera, ankasonkha ufa, zofunda ndi ndowa osafunsa mpingo wa wolandirayo kapena mbiri yake. Mvula idzabweranso mu Novembala uliwonse, ndipo mabanja ambiri adakali m'malo otsetsereka omwe aja chifukwa alibe kwina kopita. Abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi atsogoleri a milaga ndi malimana a ku Chirimba ndi madera ena a mzindawu aleke kufunsa anamfedwa za makomo otseguka, alengeze machenjezo a nyengo pa guwa monga amalengezera misonkhano ya chitsitsimutso, ndipo aime pamodzi ndi akhristu awo pokapempha khonsolo ya mzinda ndi boma malo otetezeka omangapo nyumba.